Gilini yomwe inkamira madzi: lipoti la malo ophunzirira gofu omangidwa ndi mphatso za ophunzira akale

Chizindikiro choyamba chinaoneka mu Julaye wa chaka chachiwiri malo ophunzirira gofu a koleji ina atatsegulidwa. Mvula itagwa usiku, madzi anandenga pamwamba pa gilini mpaka masana a tsiku lotsatira, pamene kapinga wamba wa m'mbali mwake anali atauma kale. Kwa amene sasewera gofu, gilini ndi kabwalo ka kapinga wometedwa mosalala pomwe pali dzenje logwetseramo mpira, ndipo ikamangidwa bwino imamwa madzi msanga kuposa malo ena onse. Wosamalira mabwalo a kolejiyo atazika mpeni n'kutulutsa kachidutswa ka dothi, panatuluka fungo la dzira lowola. Pansi pang'ono pa kapingayo panali mzere wakuda bii, ndipo mizu inkathera pomwepo, yosapitirira kutalika kwa chala.

Kolejiyi ndi yaing'ono, ili m'chigawo chapakati chakumpoto kwa America, ndipo matimu ake amasewera mu Division III ya NCAA, bungwe loyendetsa masewera a m'makoleji. M'gawo limeneli saloledwa kulipirira wophunzira sukulu chifukwa cha luso lake pa masewera, choncho kochi akafuna kukopa wosewera wabwino, chomwe angamuonetse ndi malo ochitira pulakatisi. Kumeneko chipale chofewa chimakuta mabwalo miyezi ingapo, pomwe mipikisano imachitika mu Sepitembala ndi Okutobala, kenako imayambiranso chisanu chikangotha mpaka Meyi. Timu yopanda nyumba yomenyeramo mpira imafika pa mpikisano woyamba wa chaka manja atauma. Mayunivesite akuluakulu anazindikira izi kalekale. Oklahoma State inatsegula bwalo la Karsten Creek mu 1994, lotchedwa dzina la Karsten Solheim, yemwe anayambitsa kampani ya Ping yopanga ndodo za gofu. Malo a timu ya Wake Forest ali ndi dzina la Arnold Palmer, katswiri wotchuka wa gofu yemwe anaphunzira pomwepo. Makoleji ang'onoang'ono amayang'ana kumeneko, ndipo ndalama amazifuna kwa anthu amodzimodzi: ana awo akale amene zinawayendera.

Momwe ndalama zinabwerera

Pulani inali ya nyumba yokhala ndi zipinda ziwiri za simulator (makina oyeza mpira womenyedwa pa nsalu n'kuonetsa komwe ukanagwera pa bwalo), malo atatu omenyera mpira okhala ndi zitseko zotsegukira panja, kapeti yogwetserapo mpira m'dzenje ndi zipinda zosinthira zovala. Panja panayenera kukhala gilini imodzi yaikulu ndi dzenje la mchenga. Ndalama zoposa theka zinalonjezedwa ndi bambo mmodzi amene anali kaputeni wa timu ya amuna zaka zambiri zapitazo. Zotsalazo anasonkha osewera ena akale. Monga zimakhalira kawirikawiri, malonjezowo anali olipira pang'onopang'ono kwa zaka 5, ndiye koleji inatapa m'thumba lake kuti ntchito iyambe, n'kumadzibwezera ndalama zikamalowa.

Pangano la mphatso linanena zinthu zitatu momveka bwino: dzina lomwe lidzalembedwe pakhoma, kukula kwa nyumbayo, ndiponso kuti ndalamazo ndi zomangira basi. Za kusamalira malowo akadzatha munalibe ngakhale mzere umodzi. Aliyense ankaganiza kuti mnzake ndiye adzasenza: a ofesi yosaka ndalama ankati ndi za dipatimenti ya masewera, a masewera ankati kapinga ndi wa anthu osamalira mabwalo, ndipo osamalira mabwalowo sanaitanidwe ku msonkhano ndi umodzi womwe.

Makontilakitala atatumiza mitengo yawo, yonse inali pamwamba pa bajeti. Apa ndi pomwe nkhani inakhotera koyamba, ngakhale panthawiyo palibe anaona. Nyumba sakanaichepetsa, popeza kukula kwake kunali m'pangano. Chotsala chinali kudula zomwe diso siliona. Katswiri wa kapinga amene anayenera kuyang'anira ntchito ya gilini anachotsedwa pa mndandanda. Mchenga wosefedwa mwapadera unalowedwa m'malo ndi wa pafupi, wotsika mtengo, womwe unayezedwa kamodzi kokha poyamba. Mapaipi a pansi otulutsa madzi anawaika motalikirana kwambiri. Ndipo popeza tsiku lodula riboni linali litaikidwa kale, tsiku lomwe ophunzira akale amabwerera ku koleji mu Okutobala, panalibe nthawi yofesa mbewu ya kapinga n'kudikira kuti ikhwime. Anagula kapinga wodulidwa m'mipukutu n'kumuyala ngati mkeka. Pa zithunzi za tsikulo gilini inkaoneka yokongola zedi.

Zomwe zinapezeka

Poyamba anaganiza za matenda, ndipo sanalakwe kwenikweni. Kapinga wa mtundu wa creeping bentgrass, amene amabzalidwa pa magilini a kumadera ozizira, amavutika kukatentha, ndipo usiku ukamafunda kupitirira madigiri 20 kuli chinyezi, matenda a Pythium amamugwira msanga. Anapopera mankhwala, mawanga anaima kwa masiku angapo, kenako anabwerera pamalo omwewo. Matenda obwerera pamalo amodzimodzi mankhwala atapoperedwa bwino nthawi zambiri amaloza pansi. Masabata angapo anatayika apa, komanso ndalama za mankhwala zomwe sizinali mu bajeti ya aliyense.

Katswiri wa kapinga ataitanidwa, yemweyo amene anadulidwa poyamba, sanayambe ndi masamba. Anatenga zitsanzo za dothi ndi chitsulo chobowolera kuchokera pamwamba mpaka pa miyala ya pansi, m'malo okwera, apakati ndi otsika, n'kuzitumiza ku labotale. Analowetsanso kamera m'paipi yaikulu yotulutsa madzi.

Kuti zotsatira zimveke, tifotokoze kamangidwe komwe pulani inkati yatsatira. Bungwe la USGA, loyendetsa masewera a gofu ku America, linatulutsa malangizo omangira gilini koyamba mu 1960, ndipo lakhala likuwakonzanso, komaliza mu 2018. Pansi penipeni pamakumbidwa tingalande toikamo mapaipi obowoka a mamilimita 100, otalikirana osaposa mamita 5, otsetsereka osachepera 0.5 peresenti. Pamwamba pake pamayalidwa miyala ing'onoing'ono yotsukidwa yokhuthala mamilimita 100, kenako mchenga wosakaniza ndi zowolerana pang'ono wokhuthala mamilimita 300. Mchengawo si uliwonse: wosachepera 60 peresenti uyenera kukhala wa timibulu ta pakati pa mamilimita 0.25 ndi 1, dongo lisapose 3 peresenti, ndipo madzi azidutsa pa liwiro losachepera mamilimita 150 pa ola. Nzeru yake ndi yakuti madzi saoloka msanga kuchoka mu mchenga kulowa m'miyala. Amayamba aima pang'ono pa malirewo, mizu n'kumamwa, ndipo akachuluka ndi pomwe amagwera pansi n'kulowa m'mapaipi. Kamangidwe kameneka kamadalira kuti mamilimita 300 aja akhale amtundu umodzi kuyambira pamwamba mpaka pansi. Mukangolowa kansalu kena ka dothi losiyana, madzi amaima pamenepo m'malo moima pansi.

Zolakwika zinapezeka zinayi, zosalingana kukula.

Chachikulu chinali kapinga wa m'mipukutu uja. Anakulira pa munda wa dothi lolemera, ndipo anabwera ndi kachikwatu ka dothilo kunsi kwake. Atamuyala pa mchenga, gilini inakhala ndi chivindikiro cha dothi losalala pamwamba pa mchenga wokhakhala. Dothi lotere limagwira madzi mwamphamvu ndipo silifuna kuwapereka kwa mchenga wa pansi, ndiye masentimita oyambirira ankakhala onyowa nthawi zonse. M'dothi lopanda mpweya mumaswana tizilombo tomwe timasandutsa sulufule kukhala mpweya wonunkha uja, womwe umapha mizu, ndipo ukakumana ndi chitsulo cha m'dothi umasiya mzere wakuda. Mzere umene wosamalira mabwalo anaona unali ndendende pa malire a dothi la mpukutu ndi mchenga.

Chachiwiri, mchenga wa pansiwo sunali wofanana. Zitsanzo za kumtunda zinali pafupi ndi muyezo, koma za kumunsi zinali ndi fumbi lochuluka ndipo madzi ankadutsa pang'onopang'ono, kutali ndi mamilimita 150 aja. Malole omaliza anabweretsa mchenga wosiyana ndi womwe unayezedwa, ndipo panalibe woyeza. Chachitatu chinaoneka pa kamera: paipi yaikulu inali yophwanyika kunja kwa gilini, pomwe magalimoto olemera ankadutsa pomaliza nyumba. Madzi ofika m'mapaipi analibe kolowera.

Chachinayi sichikanakonzeka ndi fosholo. Nyumbayo anaiimika kum'mawa kwa gilini kuti dzina la pakhoma lizioneka kuchokera kumsewu, ndipo kumadzulo kunali mzere wa mitengo. Mbali ina ya gilini sinkaona dzuwa la m'mawa, lomwe ndi lofunika kwambiri pouma mame, ndiponso mphepo sinkadutsa. Aliyense wodziwa kapinga akanaona zimenezi pa pepala, zikhomo zisanakhomedwe.

Panali chinanso chomwe sichinali cha kamangidwe. Anthu osamalira mabwalo anali akatswiri a mabwalo a mpira, komwe kapinga amametedwa pa masentimita angapo. Gilini imametedwa pa mamilimita atatu okha kapena kuposa pang'ono, pafupifupi tsiku lililonse, ndi makina a mipeni yozungulira yomwe imafuna kunoledwa mwaluso. Koleji inali ndi makina amodzi akale opemphedwa ku bwalo la gofu lapafupi. Kuthirira kunkayenda pa wotchi, kaya kwagwa mvula kaya ayi.

Zomwe zinasankhidwa ndi chifukwa chake

Njira zinali zitatu: kufukula gilini yonse n'kumanganso, kuika kapinga wapulasitiki, kapena kuchiza yomwe ilipo. Kumanganso kunali kotsimikizika koma kunalibe ndalama yake, ndipo timu ikanakhala chaka chathunthu yopanda gilini. Kapinga wapulasitiki kochi anamukana, ndipo anali ndi mfundo: mpira womenyedwa kuchokera patali sutera ndi kuima pa pulasitiki monga uchitira pa kapinga weniweni, ndipo luso limenelo ndi lomwe malo a panjawo anamangidwira. Pulasitiki anali nayo kale m'nyumba. Anasankha kuchiza, podziwa kuti zitenga zaka ziwiri kapena zitatu.

Dongosolo la ntchito linali lofunika kuposa ntchito iliyonse payokha. Anayamba ndi paipi yophwanyika, chifukwa kubowola gilini yomwe madzi ake alibe potulukira ndi kungotsegula njira zodzaza beseni. Kenako, pofuna kuti kapinga apulumuke miyezi yotentha yotsalayo, anakweza kametedwe pang'ono, anazimitsa wotchi yothirira, n'kuyamba kuthirira ndi paipi ya m'manja pokhapokha pomwe kachipangizo koyezera chinyezi kasonyeza kuuma. Anaimika fani yaikulu kumbali yamthunzi. Osewera anadandaula kuti mpira ukuyenda pang'onopang'ono, ndipo anauzidwa kuti apirire.

Kubowola kwenikweni kunadikira Sepitembala, kutazizira, popeza kapinga wofooka akabowoledwa pa kutentha samachira. Anagwiritsa ntchito mano a mphako a mamilimita 13 otalikirana mamilimita 50 mbali zonse. Masamu ake ndi oyenera kuwadziwa musanalonjeze aliyense chilichonse: kubowola kumodzi kotere kumachotsa pafupifupi 5 peresenti yokha ya pamwamba pa gilini. Ndiye kansalu ka dothi kaja sikangathe ndi ulendo umodzi. Pamafunika maulendo atatu kapena anayi pa chaka, kwa zaka zingapo, ndipo ulendo uliwonse timiphika ta dothi totulukato tiyenera kuwoleredwa n'kutayidwa, osati kupsesedwera pomwepo, mabowo n'kudzazidwa ndi mchenga wouma woyezedwa ku labotale. Kuthira mchenga wosalala kuposa wa pansi n'kubzala kansalu katsopano. Kumbali yotsika, komwe mchenga unali wafumbi, anaboola mabowo akuluakulu ofika pafupi ndi miyala n'kuwadzaza mchenga wabwino, ndipo anawonjezera timapaipi ta mamilimita 50 totalikirana pafupifupi mamita awiri. Mitengo ingapo ya kumadzulo inadulidwa, ina inasadzidwa.

Kubwerera kwa wopereka

Zonsezi zinkafuna ndalama, ndipo apa ndi pomwe nkhani inakhotera kachiwiri. Ndalama za malonjezo zomwe zinali zisanalowe zinali kale ndi mwini wake, thumba la koleji lomwe linabwereketsa. Komanso mphatso yoperekedwa pa cholinga chotchulidwa siingapatutsidwe mwakufuna kwa koleji. Lamulo la UPMIFA, lomwe linalembedwa mu 2006 ndipo maboma a zigawo pafupifupi onse a America analilandira, limalola kusintha cholinga cha thumba lotere ngati wopereka wavomera molemba, apo ayi nkhani imapita kukhoti. Wopereka wathu anali moyo, ndiye njira inali yaifupi, kungoti yochititsa manyazi.

M'komiti munali maganizo awiri. Ena ankafuna kukonza mwakachetechete ndi ndalama za dipatimenti, bamboyo asadziwe. Ena ankati iwo amabwera chaka ndi chaka mu Okutobala, adzaona okha mabowo ndi mchenga, ndipo kumva kwa wina kudzawawa kuposa kumva kwa eni ake. Maganizo achiwiriwa anapambana, ndipo kunena zoona ndiwo anapulumutsa ntchito yonse. Anapita atatu: mkulu wa masewera, wa ofesi yosaka ndalama ndi katswiri wa kapinga. Sananyamule zithunzi zokongola. Ananyamula zitsanzo ziwiri za dothi zokulunga m'pulasitiki, china cha gilini ya koleji, china cha bwalo lapafupi lomangidwa bwino. Anaziika patebulo. China chinali ndi mizu yoyera yotsika bwino, chinacho chinali ndi mzere wakuda ndi fungo lake. Munthu amene wasewera gofu moyo wake wonse sanafunike kufotokozeredwa zambiri. Anakwiya, makamaka pomva kuti kapinga wa m'mipukutu anasankhidwa pofuna kuwasangalatsa iwo pa tsiku la riboni, chinthu chomwe sanapemphe ndipo sanafunsidwe. Akanafunsidwa, anatero, akanalola kudula riboni patsogolo pa mchenga wopanda kapinga.

Pa msonkhano womwewo anaonetsedwa mndandanda wa zolipira pa chaka, womwe unayenera kulembedwa njerwa yoyamba isanaikidwe: malayisensi a mapulogalamu a simulator omwe amalipiridwa chaka ndi chaka, nsalu zomenyapo mpira zomwe zimang'ambika pakati, mphasa zomenyerapo, mipira, magetsi ndi gasi wotenthetsera nyumba yomwe zitseko zake zimatsegulidwa pa chisanu, kunola makina, mchenga, feteleza, mankhwala, ndi malipiro a munthu wodziwa gilini ngakhale wa theka la tsiku. Makoleji a ku America amatapa pakati pa 4 ndi 5 peresenti pa chaka kuchokera ku thumba losungidwa kuti lizibala phindu. Pa 4 peresenti, madola 10,000 alionse ofunika pa chaka amafuna madola 250,000 osungidwa, kutanthauza kuchulukitsa ka 25. Chiwerengero chimenechi chimadzidzimutsa opereka ambiri, n'chifukwa chake osaka ndalama amachizemba poyamba. Kuchizemba sikuchichotsa.

Pangano linakonzedwanso. Bamboyo anawonjezera mphatso ina yolunjika ku kuchiza gilini ndi kugula makina ometera, ndipo analola kuti mayina a zipinda za simulator, malo omenyera ndi makabati osungira zovala agulitsidwe kwa osewera ena akale, ndalama zake zonse zipite ku thumba losamalira malowo.

Pokonza panganolo loya wa koleji anaona chinthu china chomwe chinadutsa anthu onse poyamba. Mawu a pangano loyamba ankatchula timu ya amuna yokha, ndipo zinthu zinatsatira mawuwo: chipinda chosinthira cha amuna chinali chachikulu, ndipo maola abwino a madzulo anali awo. Lamulo la Title IX la mu 1972 limaletsa tsankho la pakati pa amuna ndi akazi m'masukulu olandira ndalama za boma, ndipo pa masewera limakhudzanso malo a pulakatisi, zipinda zosinthira ndi nthawi yogwiritsa ntchito. Kuti ndalama zachokera kwa wopereka si chowiringula: koleji ikalandira mphatso ya timu imodzi, udindo wolinganiza zinthu umakhalabe wake. Palibe amene anali atadandaula, koma sanadikire. Mawu anasinthidwa kuti atchule matimu onse awiri, maola anayamba kusinthana sabata ndi sabata, ndipo kachipinda kosungiramo katundu kanaphatikizidwa ku chipinda cha akazi.

Za m'nyumba

Nyumbayo inalibe mavuto ambiri, kupatula chipinda chimodzi cha simulator. Pa pulani siling'i inali pa mamita atatu, womwe ndi muyezo wabwino, koma paipi yaikulu ya mpweya wotentha inadutsa pansi pake cha pamwamba pa mphasa yomenyera. Osewera ataliatali ankaopa kuzunguza ndodo yaitali, ndipo wina anaigunda. Kuopa kotere kumasintha kamenyedwe ka munthu mosadziwa, ndiye chipindacho chinkaphunzitsa cholakwika. Paipi inasunthidwira kukhoma. Muyezo woyenera kulemba pa pulani ndi mpata wopanda chotchinga chilichonse kuchokera pamwamba pa mphasa, osati kutalika kwa siling'i. Chipinda chomwecho chinalinso chachifupi kwa makina a rada monga TrackMan 4, omwe amakhala kumbuyo kwa wosewera ndipo amafuna kuona mpira ukuuluka mamita angapo usanagunde nsalu. Anaikamo makina a makamera okhala m'mbali mwa mpira, ngakhale amafuna kusunthidwa akabwera wamanzere.

Zotsatira

Nyengo yotentha yachitatu gilini inaoloka popanda kufa, ngakhale inali yamawangamawanga ndipo mabowo sankasowa. Madzi anasiya kundenga paipi itangokonzedwa, zomwe zinapusitsa ena kuganiza kuti ntchito yatha n'kupempha kuti kubowola kusiyidwe chifukwa kumasokoneza pulakatisi. Zitsanzo za dothi zinasonyeza kuti mzere wakuda udakalipo, wongodukaduka pomwe mano anadutsa. Kubowola kunapitirira, masiku ake atagwirizanitsidwa ndi masabata omwe matimu ali ku mipikisano ya kutali.

Pofika chaka chachinayi mizu inali itatsika kudutsa pomwe panali mzerewo m'mbali zambiri, ndipo kametedwe kanabwerera pa muyezo wa mpikisano. Kona ya kumthunzi kwa nyumba sinachire. Fani inathandiza, koma dzuwa silingagulidwe. Pomaliza anaichotsa pa gilini, n'kubzalapo kapinga wometedwa motalikirapo woti osewera azimenyerapo mipira yaifupi, ndipo gilini inatsala yocheperapo kuposa ya pa pulani.

Thumba losamalira malowo silinafike pa mlingo wa kuchulukitsa ka 25 uja. Mayina a zipinda za simulator anagulidwa msanga, a makabati pang'onopang'ono. Chotsala chimachokera ku bajeti ya dipatimenti ya masewera, komwe tsopano kuli mzere wake wolembedwa, ndi ku maphunziro a gofu a ana omwe amachitika pamalopo sukulu ikatseka. Ofesi yosaka ndalama inasintha fomu yake ya pangano: pulojekiti iliyonse yomanga imatchula mtengo wosamalira pa chaka ndi komwe udzachokere, ndipo mkulu wosamalira mabwalo amasayina pulani isanapite kwa makontilakitala. Zitsanzo za dothi zimatengedwabe kawiri pa chaka, mu Epulo ndi mu Sepitembala, m'malo atatu omwewo.